Anamukana pa Basi ya Kwa Siliva

Loweruka limenelo Yvonne Kayira sanayenera kupita ku ntchito. Anali atalonjeza amayi ake kuti akawathandiza kumweta mpunga ku Hara, ndipo chitenje anali atamanga kale m'chiuno pamene foni inalira. Anali bwana wake wa pa kampani yaing'ono ya maulendo ya pa Uliwa, amene ankamuitana mwa Chitumbuka kuti Nyakayira, mwana wamkazi wa a Kayira.

"Nyakayira, pepa mwana wanga. Mnzako Morton, amene amayenera kuperekeza alendo lero, wadzuka ndi malungo. Basi ya Kwa Siliva yadzaza, yanyamuka kale pa Boma ku Karonga, koma wofotokozera alendo palibe. Thamanga."

Kwa Siliva kunali kumapiri, kutali ndi msewu wa tala, kumene azungu akale anakumba mgodi n'kumanga nyumba zamiyala zomwe tsopano zinali mabwinja. Aphunzitsi ndi anamwino ochokera kumwera ankakonda kupitako Loweruka kukapitidwa mphepo ndi kujambulitsa. Yvonne ankaidziwa mbiri ya malowo ngati nyimbo ya kwaya.

Ali pa kabaza kulowera pa Uliwa, anatsegula foni n'kuwerenganso uthenga umene chibwenzi chake, Reginald, anamutumizira dzulo lake.

"Ndafika bwino ku Mulanje. Mayi akupezako pang'ono. Netiweki kuno ndi yovuta, usadandaule ukandisowa. Wako yekha, Reji."

Anamwetulira yekha. Reginald Likaka anali kalaliki pa ofesi ina ya boma ku Karonga, mnyamata wolankhula mofatsa, wa malaya osita nthawi zonse. Lachinayi anabwera nkhope ili yakugwa, nati amayi ake adwalika kumudzi. Yvonne anamupatsa kathumba ka mpunga wonunkhira wa m'munda mwa amayi ake kuti akapatse odwalawo, ndipo usiku womwewo anawapempherera powatchula dzina.

Chikondi chawocho chinali chitamudyera zambiri Yvonne. Bambo ake, a Kayira, anamukana Reginald tsiku loyamba lomwe anaponda pakhomo pawo.

"Wakumwera sadziwa ng'ombe," anatero. "Akwatira ndi nkhuku, mawa asamutsidwa ntchito, iwe utsala ndi ana m'manja. Anthony ali apa, tikudziwa kwawo, tikudziwa khola la bambo ake."

Yvonne anamukana Anthony, mnyamata amene bambo akewo ankamufunira, pamaso pa abale onse. Kuyambira pamenepo iye ndi bambo ake ankangopatsana moni wouma, ngati anthu okumana pa chigayo.

*

Basi inaima pa Uliwa itadzaza kuseka ndi fungo la tchipisi. Dalaivala, a Jones, bambo wa ndevu zoyera amene ankamutenga Yvonne ngati mwana wawo, sanamumwetulire monga mwa masiku onse. Anangomuyang'ana, kenaka n'kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji a Jones? Mwakwiya chiyani m'mawa uno?"

"Kwera, mwana wanga," anayankha motsitsa mawu. "Koma ulimbe mtima."

Yvonne sanamvetse. Anakwera, n'kutenga maikolofoni, n'kutembenukira alendo.

"Monire mose! Kuno kwathu timapereka moni choncho. Ine ndine Yvonne, ndipo lero ndi..."

Sanamalize. Chapakati pa basi, kumbali ya windo, kunali Reginald. Anavala malaya abuluu amene Yvonne anamugulira pa Khirisimasi. Paphewa pake panatsamira mutu wa mkazi woyera khungu, wa tsitsi loluka bwino, amene ankasenda nthochi akuseka.

Reginald anatuwa ngati waona mzukwa. Kenaka anatembenuzira nkhope kuwindo.

"Pitirizani achemwali, tikumva!" anakuwa mphunzitsi wina kumbuyo.

Yvonne anakwezanso maikolofoni.

"Lero ndi ine ndikuperekezeni Kwa Siliva. Mwambo wathu ndi woti aliyense anene dzina ndi kumene achokera, kuti tisayende ngati adani."

Anthu anayamba kudzitchula. Ena a ku Dedza, ena a ku Zomba, wapolisi wina wa ku Nsanje. Itafika nthawi ya awiriwo, mkazi uja ndiye anaimirira, akugwira mpando wakutsogolo kuti asagwe.

"Ine ndine Hilda, ndachokera ku Mulanje, ndafika Lachinayi. Awa ndi a Reginald, amanyazi awa. Chinkhoswe tinachita kale, ukwati uliko mu Okutobala. Nonse mwaitanidwa!"

Basi yonse inaphulika ndi nthungululu. Wina anaimba likhweru. Hilda anakhala pansi akuseka, kenaka anamugwedeza Reginald pamkono, n'kufunsa mokweza ndithu:

"Reji, achemwali okongolawa umawadziwa? Paja umati Karonga ndi yaing'ono, aliyense amadziwana."

Yvonne anadikira. Reginald anadzutsa maso, anamuyang'ana kamphindi kochepa, n'kupukusa mutu.

"Ayi. Ndi koyamba kuwaona."

*

Basi inasiya tala n'kuyamba kukwera msewu wafumbi wokhotakhota. Yvonne anakhala pa kampando kake pafupi ndi dalaivala, atafulatira alendo. Foni inanjenjemera m'dzanja lake.

"Yvo, chonde usachite chilichonse. Ndikufotokozera."

Inanjenjemeranso.

"Unanena kuti lero uli ku Hara. Sindimadziwa kuti ukhala muno."

Yvonne anawerenga uthenga wachiwiriwo mobwereza. Mwa zonse zimene munthuyo akanalemba, chimene chinkamuwawa chinali choti wagwidwa. Anaitembenuza foniyo n'kuiika pamwendo.

A Jones anasintha giya, n'kulankhula m'Chitumbuka kuti alendo asamve.

"Si yemwe uja amakudikira pa ofesi madzulo, uja ndinamunyamula ulendo wina mvula ikugwa?"

"Ndi yemweyo."

"Ungonena mawu amodzi. Ndimutsitsa pompano, ayende wapansi mpaka kwawo ku Mulanje."

"Ayi a Jones. Alendo alipira ulendo. Tiyeni tikafike."

"Ukulira?"

"Ndi fumbi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anaimirira, n'kutenganso maikolofoni. Anawaonetsa alendo minda ya Hara ikuoneka pansi patali ngati mphasa yobiriwira ndi yachikasu. Anawauza mayina a mitengo m'Chitumbuka, iwo n'kumabwereza molakwitsa, akuseka. Anawafotokozera zimene akuluakulu amanena, zoti azungu anamva mphekesera ya siliva m'mapiriwo, anabwera ndi anthu onyamula katundu pamutu, anamanga sitolo, tchalitchi ndi nyumba ya bwana, n'kukumba phiri kwa zaka zingapo mpaka anatopa n'kuchoka. Nthabwala zonse zimene amanena pa ulendo uliwonse anazinena, ndipo anthu anaseka m'malo onse oyenera kuseka. Woseka kwambiri anali Hilda.

"Achemwali inu mumatha!" anakuwa. "Reji, ukumva koma? Wangoti ndwii bwanji?"

"Mutu ukundiwawa," anatero Reginald.

*

Anafika dzuwa lili pamutu. Kwa Siliva kunali zii, kamphepo kozizira kakuomba m'makoma opanda madenga. Mkuyu waukulu unamera pakati pa nyumba ya bwana, mizu yake itang'amba pansi. Kumtunda kunali khomo la mgodi, lakuda bii, lotchingidwa ndi zitsulo zadzimbiri. Amayi angapo a m'mudzi wapafupi anayala nthochi ndi chinangwa chootcha pamthunzi.

Yvonne anawazungulitsa alendo malo onse, kenaka anawapatsa nthawi yoti ajambule ndi kudya. Iye anazembera kuseri kwa sitolo yakale kuti apume. Asanakhale n'komwe pamwala, anamva mapazi.

"Yvo."

"Pepani bambo, mukundidziwa? Paja ndi koyamba kundiona."

"Usatero, chonde. Ndikanayankha chiyani pagulu paja?"

"Amayi ako ali bwanji, Reginald? Akupezako? Netiweki ya ku Mulanje yakulola kufika kuno?"

Reginald anayang'ana kumbuyo kuona ngati wina akubwera, n'kuyandikira.

"Anangotulukira, Yvo. Anandiimbira ali kale pa Mzuzu. Ndinasowa chochita. Ndimafuna ndimubweze mwakachetechete, kenaka ndidzakuuze zonse mtima uli m'malo."

"Zonse zake ziti? Yamba pano, ndikumva."

"Hilda ndi wa mpingo wathu kumudzi. Tinakulira limodzi. Mayi amamukonda ngati mwana wawo. Zinthu zinayamba kale, ndisanabwere kuno, ndisanakudziwe iwe. Mtima wanga suli kumeneko, Mulungu akudziwa."

"Musiye Mulungu apume. Chinkhoswe chinachitika liti?"

Reginald anatola kamwala n'kukaponya pansi.

"Ndakufunsa. Chinachitika liti?"

"Pa Isitala."

Yvonne anagwira khoma.

"Isitala yomwe ino? Ija unati ukupita kukamanga chiliza cha amalume ako?"

"Anandipanikiza, Yvo. Ankhoswe anali atakonza kale zonse. Ndikanakana, mayi akanagwa ndi BP."

"Sabata yomweyo ine ndinagwada pamaso pa adada ndi azakhali anga onse, ndikulira, ndikuwauza kuti Anthony sindimufuna, ndikufuna iwe. Adada anatuluka m'nyumba osadya. Amama analira mpaka maso kutupa. Iwe nthawi imeneyo unali ukuvina, akukufupa ndalama pamutu."

"Sindinavine ndi mtima wonse."

Yvonne anaseka, kuseka koipa kumene iye mwini sanakuzindikire.

"Ndiye unavina ndi miyendo yokha? Zikomo, zandikhazika mtima pansi."

"Ndipatse mwezi umodzi. Ndithetsa zonse. Ndiwe amene ndikufuna, ukudziwa."

"Chimene ndikudziwa n'choti unabwerako ku Isitala kuja utanditengera nanazi, n'kundiuza kuti chiliza chakongola."

Reginald anamugwira dzanja. Yvonne analikoka ngati wakhudza mbaula.

"Pali chinthu china," anatero mnyamatayo. "Ulendo uno anasankha ndi iyeyo. Wina anamuuza kuti ndili ndi mkazi wogwira ntchito ku kampani yanu. Dzina sakulidziwa. Akakufunsa, chonde, unene kuti sukudziwa kanthu. Hilda ndi wofooka mtima, akhoza kudzipweteka."

Yvonne anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope inali yomwe ija, maso ofatsa omwe aja amene anamukopa tsiku loyamba pa depoti ya Karonga. Ankafunafuna pankhopepo chizindikiro choti munthuyu ndi wabodza, koma panalibe. Chimenecho ndicho chinamuopsa koposa.

"Wandikana pamaso pa anthu, tsopano ukufuna ndidzikanenso ndekha."

"Ndi lero lokha."

"Tamvera, Reginald. Sindichita chipongwe pa ntchito yanga, ndipo mkazi uja sanandilakwire. Koma umuuze wekha tisanafike pa Uliwa. Basi ikaima pa Uliwa usanamuuze, ndimuuza ine."

"Yvo, sungachite zimenezo."

"Uona."

*

Anakakhala yekha pa masitepe a tchalitchi chakugwa, botolo la madzi lili m'manja. Njala analibe. Posakhalitsa mthunzi unagwa pamapazi ake.

"Achemwali, simukudya? Ayi, sizingatheke. Mwatilankhulira njira yonse."

Anali Hilda, atanyamula kontena ya chakudya ndi masipuni awiri. Anakhala pambali pake osadikira kuitanidwa, n'kutsegula. Fungo la mpunga linakwera, fungo limene Yvonne akanalizindikira ngakhale ali m'tulo.

"Talawani. Mpunga wa kuno ndi nkhani ina! Reji anandigulira kathumba, akuti anachita kuitanitsa kwa alimi enieni. Ndaphika m'mawa uno."

Yvonne anayang'ana mpungawo. Anaupeta yekha Lachinayi lija, akuchotsa timiyala kuti mayi wodwala asalume mwala.

"Zikomo, m'mimba simuli bwino," anatero.

"Pepani." Hilda anatseka kontena ija, n'kukhala kanthawi akuyang'ana mapiri. Kuseka kuja kunali kutachoka pankhope pake, ndipo tsopano ankaoneka wotopa, ngati munthu amene sanagone bwino masiku angapo. "Achemwali, ndikufunseni kanthu? Ndinu mkazi mnzanga."

"Funsani."

"Musandione kuseka m'basimu. Ine sindinabwere kudzaona miyala. Kwathu miyala iliko yambiri, phiri lathunthu." Anayesa kumwetulira koma zinakanika. "Kuli mayi wina wa kwathu amagulitsa zitenje pa msika wa Karonga. Anabwera kumudzi ku maliro, n'kundikokera pambali. Akuti, mwana iwe, mwamuna wako akuyenda ndi mtsikana wa ku kampani ya maulendo ya pa Uliwa. Ndinatseka saluni yanga, ndinakwera basi."

Yvonne anafinya botolo lija mpaka linalira.

"Mwamufunsa mwiniwakeyo?"

"Walumbira. Akuti anthu ndi ansanje. Wagwira Baibulo, achemwali." Hilda anapukusa mutu. "Kunena zoona, mutangokwera m'basi muja mtima wanga unagunda. Ndinati, kapena ndi ameneyu? N'chifukwa chake ndinamufunsa pagulu. Koma wayankha mosajejema, ndipo inu nkhope yanu ndi ya munthu wopemphera. Mundikhululukire poganiza choncho."

"Palibe cholakwa."

"Ndiye ndimati, kuntchito kwanuko, simunaonepo mtsikana wina akuyenda naye? Sindikufuna ndewu, ayi. Ine sindinamenyanepo ndi munthu chibadwire. Ndikungofuna ndimuone, ndimufunse ngati akudziwa za ine. Mwina nayenso akunamizidwa. Reji pakamwa pake ndi potsekemera, ine ndikumudziwa kuyambira tili ku Sande sukulu."

Misozi inayamba kutsika pamasaya a Hilda. Anaipukuta msanga ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndamudikira zaka zambiri. Anabwera ena, ndinawakana. Diresi yasokedwa kale, ili kwa azakhali anga ku Limbe. Amayi ake ndimawasamala ndine, kuwatungira madzi, kuwaperekeza ku sikelo ya shuga. Ngati pali wina, andiuze ndidziwe pomwe ndaima. Kodi ndapempha zambiri?"

Yvonne anali atakonzeka kudana naye mkaziyu. Njira yonse ankafuna apeze pomudera, kaya kaseka kake, kaya kudzionetsera kwake. Tsopano chidani chija chinasowa pogwira. Anatsegula pakamwa.

"Hilda, ine..."

"Hilda! Hilda, tabwera!"

Anali Reginald, akubwera mothamanga, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira.

"Anthu akujambulitsa pa khomo la mgodi. Tiye tisatsalire."

Hilda anadzuka, n'kudzikonza nkhope mwachangu monga amachitira akazi ozolowera kubisa. Anatulutsa foni yake n'kumupatsa Yvonne.

"Achemwali, mutijambule ndinu. Chikhale chikumbutso."

Anakwera onse atatu. Pa zitsulo zadzimbiri paja Hilda anakolowetsa dzanja lake m'chiuno mwa Reginald, n'kutsamiritsa mutu pa malaya abuluu aja. Yvonne anakweza foni. Pagalasi anaona maso a Reginald akumuchonderera.

"Mwetulirani, bambo," anatero Yvonne. "Ukwati uli pafupi."

Anajambula.

*

Pobwerera anthu ambiri anagona. Ena ankaimba nyimbo za kwaya motsitsa. Yvonne sanagwirenso maikolofoni. Nthawi ndi nthawi ankayang'ana pagalasi la a Jones. Hilda anali maso, akuyang'ana panja. Reginald anatseka maso, mutu atautsamiritsa pawindo, koma chala chake chinali pa foni.

"Ndimuuza tikafika kunyumba. Muno muli anthu."

Yvonne anayankha koyamba tsiku limenelo. "Pa Uliwa."

"Ukufuna kundiphera chiyani? Ndimakukonda."

"Pa Uliwa."

"Ukamuuza, ine ndi iwe zathera pomwepo."

Yvonne anayang'ana mawuwo mpaka anayamba kusambira m'maso mwake. Munthu amene anamunamiza, n'kumukana, tsopano ankamuopseza kuti amusiya. Ndipo chomvetsa manyazi n'choti mtima wake wopusawo unadumphabe ndi mantha. Anakumbukira masana ena a Lamulungu atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, Reginald akuphunzira kupereka moni wa Chitumbuka kuti akasangalatse a Kayira, akulakwitsa, onse awiri akuseka mpaka kugwetsa misozi. Kodi zonsezo zinali sewero? Kapena munthu angathe kukonda n'kumanama nthawi imodzi?

Anazimitsa foni.

"Wasankha chiyani?" anafunsa a Jones osachotsa maso pamsewu.

"Ndimuuza mkaziyo. Kenaka ndipita kunyumba, ndikagwade kwa adada, ndikawauze kuti ankanena zoona."

"Zowawa zimenezo."

"Zowawa ndi zimene ndameza kale lero."

Matayala anagunda tala. Nyumba za pa Uliwa zinayamba kuoneka, mashopu, njinga za kabaza, amayi ogulitsa usipa m'mabeseni. A Jones anaimika basi patsogolo pa ofesi ya kampani.

"Mphindi zochepa, alendo athu," analengeza. "Ofuna nsomba ndi zakumwa tsikani, kenaka tipitirire ku Boma."

Anthu anatsika akudziwongola. Reginald anafuna kutsalira m'basi, koma Hilda anamukoka.

"Tiye ukandigulire usipa wopita nawo kwa amayi."

Yvonne anawadikira pansi, pafupi ndi chitseko. Mutu wake unali utayera. Hilda atangoponda pansi, Yvonne anamugwira dzanja.

"Hilda, funso lija munandifunsa kumtunda kuja. Yankho ndili nalo."

"Yvo... achemwali, dikirani," anatero Reginald, lilime likupindika.

Hilda anatembenuka msanga. "Wawatchula kuti chiyani?"

"Yvonne! Nyakayira!"

Mawuwo anachokera pakhonde la ofesi. Yvonne anatembenuka. Bambo ake, a Kayira, anali kutsika masitepe, atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, ndodo ili m'manja. Pambuyo pawo panali azakhali ake aakulu, amene mawu awo ndiwo ankamanga nkhani zonse za maukwati pabanjapo. A Kayira sanapondepo pa ntchito ya mwana wawo chiyambire mkangano uja.

"Adada, mwabwera? Kwagwanji kunyumba?"

"Palibe chagwa, mwana wanga. Abwana ako anati tidikire basi." Anaima, n'kuona Reginald. Nkhope yawo yolimba ija inamasuka pang'onopang'ono mpaka anamwetulira. "Eya! Chiuta ndi wamkulu. Ndimati ndikutume iwe ukamuitane, kani muli limodzi."

"Adada, dikirani kaye, tiyeni tilankhule kumbali..."

"Ayi, ndadikira kokwanira. Ndinalankhula zoipa pagulu, zabwinonso ndilankhula pagulu." Anasinthira ku Chichewa chawo cholemera kuti mlendoyo amve bwino. Alendo ena a m'basi anayandikira, usipa uli m'manja. "Mnyamata iwe, ndinakuthamangitsa pakhomo panga ngati galu. Amayi ake a mwanayu sanandigonetse tulo, azakhali akewa sanandigonetse tulo. Ndafufuza kuntchito kwako, onse akuti ndiwe munthu waulemu, sumwa, sutukwana. Ndiye ine ndine ndani kuti nditseke chimene Chiuta watsegula? Dzulo ndapita ndekha kwa bambo ake a Anthony, ndawauza kuti asadikirenso. Ubale wathu wa zaka zambiri wagwedezeka, koma mwana wanga ndi wofunika kuposa ng'ombe."

"Adada, chonde!"

"Uuze akwanu abwere Loweruka likudzali. Abale onse ndawaitana kale, ena achokera ku Chitipa. Za ng'ombe tidzakambirana, sitidzakupha." A Kayira anavula chipewa, chinthu chimene Yvonne sanawaonepo akuchitira munthu wamng'ono kwa iwo, n'kutambasula dzanja. "Gwira dzanja langa, mkweni wane."

Azakhali anaimba nthungululu yaitali. Mawu akuti mkweni, m'chilankhulo cha kwawo, ndi amene bambo amaitanira mwamuna wa mwana wake.

Reginald anaima ngati chitsa. Dzanja la mkuluyo linali m'malere, likudikira. Anthu onse amene m'mawa anaululutira ukwati wa mu Okutobala ankangoyang'anana. A Jones anatsika m'basi n'kuima kumbuyo kwa Reginald, atapinda manja pachifuwa, kutseka njira.

Hilda anayang'ana mkuluyo, anayang'ana Reginald, kenaka anatembenukira kwa Yvonne. Dzanja lake linali likadali m'dzanja la Yvonne, ndipo linali litazizira. Analankhula mofatsa kwambiri, ngati mwana wofunsa mphunzitsi.

"Achemwali, inu mwakhala mukutimasulira mawu a kuno tsiku lonse. Tandiuzani. Mkweni ndiye kuti chiyani?"

A Kayira anakwinya nkhope, dzanja lawo likutsika pang'onopang'ono.

"Yvonne," anatero, "mayi ameneyu ndi ndani?"